Bolopeni ya buluu ndi ziwengo za mwana wanga

Unali mwezi wa Disembala, mvula itangokata, magetsi atapita kwawo monga amachitira. Madzulo ake tinadyera nsima inswa zimene apongozi anga anabwera nazo kuchokera kumudzi, cha ku Mtenguleni. Anakazinga okha, nathira kamchere, ndipo ana ananyambita mbale. Cha m'ma 11 koloko usiku mwana wanga wachisamba, amene panthawiyo anali ndi zaka 7, anatulukira pakhomo la chipinda chathu akudzikanda ndi manja onse awiri.

"Amama, thupi lonse likundiyabwa."

Ndinamuunika ndi tochi ya pa foni. Pamimba, m'ntchafu ndi kumsana kunali zotupa zophwatalala, zina kukula ngati kobidi la K1, zina zitalumikizana mpaka kukula ngati chikhatho changa, m'mbali mwake mokhotakhota ngati mapu a m'kalasi. Mabuku amati zimenezi zimafiira. Pa khungu lathu lakudali kufiirako sikuoneka kwenikweni. Zinkangonyezimira, zotuwirako pang'ono kuposa khungu lozungulira, ndipo zala zinkazimva bwino kuposa mmene maso ankazionera: zotukuka, zosalala, zofundira. Panalibe thuza, panalibe nkhanambo, panalibe mafinya.

Pasanathe mphindi khumi bwalo la milandu linali litakhala pabalaza. Apongozi anagwira kukamwa: "Kalanga ine, ndi inswa zanga izi. Zamuwenga mdzukulu wanga." Amuna anga anati ndi nsikidzi, n'kukatembenuza matilesi pakati pa usiku. Mng'ono wanga, amene ankakhala nafe, anati mwina mwana wagwira chitedze, ngakhale kuti ku Kapata kuno, m'tauni ya Chipata, chitedze uchipeze kuti, komanso mu Disembala chimakhala chisanaume n'komwe. Amayi oyandikana nafe nyumba, atamva phokoso, anasuzumira ndipo ali pakhomo pomwepo anagamula kuti ndi mphere, n'kubwerera msangamsanga kukatsekera ana awo.

Kutacha ndinamutengera ku kiliniki. Tinakhala pa benchi maola atatu. Titalowa ndinamuvula malaya ndi changu cha munthu amene wabwera ndi umboni, koma khungu linali see, ngati dzira. Palibe ngakhale kachipsera.

"Nanga zili kuti, mayi?" anafunsa a dokotala, cholembera chili m'manja, maso ali pa mzere wa anthu panja.

Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa bodza. Anandilembera Piriton basi, n'kuitana wotsatira. Ndikutuluka, nesi wina wachikulire, wa imvi m'mbali mwa kachisoti kake, anandikodola. Anali atamva zonse.

"Mwana wanga, zikatulukanso madzulo, mujambule pa foni. Kenako mutenge bolopeni, muzungulize ziwiri kapena zitatu, mulembe ndi nthawi yomwe. Mawa muone ngati zikadali m'kati mwa mzere wanuwo."

Ine ndimasoka zovala pa msika wa Kapata, tsiku lonse ndimakhalira kulemba mizere ndi choko pa nsalu za anthu, koma nzeru yolemba mzere pa khungu la mwana wanga sinandibwerere. Madzulo amenewo zinatulukadi. Ndinazunguliza zitatu ndi bolopeni ya buluu, chimodzi pa phewa, china pamimba, china pa ntchafu, mwana akuseka chifukwa ndinkamugirigisha. M'mamawa mizere itatu ija inali yopanda kanthu m'kati, ngati makola amene mbuzi zathawamo. Zotupa zinali zitasamukira kukhosi ndi pa mkono, malo amene dzulo lake analibe chilichonse.

Kusamuka kumeneko ndiye chizindikiro chenicheni cha ziwengo zamtunduwu, zimene achipatala amazitcha urticaria. Dzinalo linachokera ku liwu la Chilatini la kachomera kena koyabwitsa, ngati mmene ife tikanatchulira kuti matenda achitedze. M'khungu mwathu muli timaselo tina tolondera, totchedwa mast cells, timene timasunga mankhwala otchedwa histamine. Tikadzidzimuka timawataya, ndipo histamine amachititsa timitsempha tating'ono ta magazi kufutukuka ndi kuchucha madzi. Madziwo ndi amene amatukula khungu, ndipo histamine yemweyo amatekenya minyewa, n'chifukwa chake kuyabwa. Koma ndi madzi chabe. Thupi limawamwanso, ndipo chotupa chimodzi sichidutsa maola 24, nthawi zambiri chimaphwa m'maola ochepa, osasiya banga. Matendawo angathe kukhala masiku angapo chifukwa zatsopano zikutulukabe, koma chilichonse pachokha ndi mlendo wa usiku umodzi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amadzakumana nazo pa moyo wake, choncho si zachilendo ayi.

Za mwana wanga zinatenga masiku asanu n'kutheratu. Nditabwerera ku kiliniki ndi zithunzi, funso loyamba silinali la chakudya. Anafunsa ngati mwanayo anadwalako posachedwa. Inde, sabata yapitayo anali ndi chimfine ndi kakutentha thupi, zimene ndinali nditaiwala kale. Kwa ana, ziwengo zotere kawirikawiri zimatsatira matenda wamba ngati chimfine kapena kutsegula m'mimba. Thupi likamalimbana ndi kachilombo, alonda aja amadzidzimuka nawo. Zikakhala za chakudya zimabwera msanga, m'mphindi zochepa mpaka maola awiri munthu atadya, zimabweranso nthawi iliyonse akadya chinthucho, ndipo sizipitirira masiku asanu chakudyacho chitachoka kale m'mimba. Mwana wanga anadya 6 koloko, zinayamba 11 koloko, ndipo inswa anali atadyapo zaka zam'mbuyo popanda vuto.

Apa ndiye pamene ndimapsa mtima pang'ono ndi chizolowezi chathu. Alipo ndithu anthu amene mtedza, mazira, nsomba ngakhale inswa zimawawenga zenizeni, ndipo amenewo ayenera kuzipewa. Koma ndikudziwa ana angapo m'dera lathu amene analetsedwa mazira kapena kapenta zaka ndi zaka chifukwa cha usiku umodzi wokha, popanda wina kufunsa kuti zinayamba nthawi yanji. Kuno kum'mawa kwa Zambia, kumene mtedza wa Chalimbana timathira m'phala, m'chiwawa ndi m'ndiwo zonse zotendera, kuletsa mwana mtedza popanda umboni ndi kumulanda chakudya chimene chikanamukuza. Timakonda kupeza wolakwa msanga, ndipo mbale ya dzulo ndi imene imakhala pafupi. Ikasowa mbale, timayang'ana kwa aneba.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, ine ndili wanzeru. Koma mu Epulo chaka chotsatira mwana wa achemwali anga anabwera kudzakhala nafe pa holide kuchokera ku sukulu yogonera komweko. Usiku woyamba ndinamva kukwakwata m'chipinda cha atsikana. M'mawa ndinamuyang'ana mwachidule pa mikono, ndinaona timatupa, ndipo ndinagamula ngati dokotala wa pa mdadada: ziwengo. Ndinakagula cetirizine, amene sagonetsa tulo kwambiri ngati Piriton, n'kumamupatsa kamodzi pa tsiku. Bolopeni sindinaitenge. Ndinkaona ngati ndadutsa kale kalasi imeneyo.

Kuyabwa kunkachepako pang'ono, kenako n'kubwerera. Holide inatha, mtsikana anabwerera kusukulu akudzikandabe. Patatha mwezi ndi masiku, mwana wanga wamng'ono, amene ankagona naye bedi limodzi, anayamba kulira usiku. Kenako mng'ono wanga. Kenako ine, m'mipata ya zala, ndikulowetsa ulusi mu singano ya makina ndikudzikanda pamaso pa makasitomala. Safunsa anadya phula.

Zinali mphere. Ndikanayang'ana mofatsa ndikanaona kuti sizifanana n'komwe ndi zija za mu Disembala. Mphere ndi timatupa tating'onoting'ono, tolimba, tina tokhala ndi kamadzi pamwamba, tambiri tokandidwa mpaka kuchita nkhanambo. Zili ndi malo ake okonda: pakati pa zala, pa mfundo za dzanja, m'zigongono, m'khwapa, m'chiuno modutsa lamba, kuzungulira mchombo, m'matako ndi kumaliseche. Kwa makanda zimafika ku mapazi, m'zikhatho ndi kumutu. Usiku, thupi likafunda m'bulangeti, ndi pamene zimalusa. Ndipo sizisuntha. Ukazunguliza lero, mawa uzipeza pomwepo, sabata yamawa pomwepo ndi anzake. Chimene chimayenda si chotupa, koma matendawo, kuchoka pa munthu kupita pa mnzake. Ziwengo sizipatsirana, ngakhale mugone mphasa imodzi chaka chathunthu. Nyumba ikayamba kudzikanda mmodzimmodzi, ganizani za mphere.

Chimene chinandipusitsa china ndi kuchedwa kwake. Kachilombo ka mphere n'kakang'ono kosaoneka bwino ndi maso. Kakakazi kamakumba kanjira m'khungu la pamwamba n'kumaikira mazira awiri kapena atatu pa tsiku. Munthu amene sanadwalepo amatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi asanayambe kumva kuyabwa, koma ali kale ndi tizilomboto ndipo akupatsira ena. N'chifukwa chake achipatala anatiuza kuti tidzole tonse tsiku limodzi, ngakhale amuna anga amene ankalumbira kuti iwo alibe kalikonse. Anatipatsa benzyl benzoate, mankhwala oyera ngati mkaka amene amalasa pa zilonda mpaka mwana kuvina, ndipo a ana anatiuza mmene tingawasungunulire ndi madzi. Kudzola kwake ndi thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, osati pa timatupa pokha. Zovala ndi zofunda tinachapa ndi madzi otentha, kuyanika padzuwa ndi kusita. Mabulangeti akuluakulu tinawamanga m'matumba apulasitiki sabata yathunthu, chifukwa kachilomboko kakachoka pa thupi la munthu sikapitirira masiku awiri kapena atatu. Kuyabwa kunapitirirabe milungu ingapo tizilombo titafa kale, zimene anatichenjezeratu kuti tisadabwe nazo.

Amayi oyandikana nafe aja anaona mabulangeti pa chingwe, ndipo sananene kanthu, koma nkhope yawo inkati ndinanena ine. Analosera molondola, kungoti miyezi isanu isanakwane nthawi yake. Anthu amati mphere ndi matenda a uve. Ife timasamba tsiku lililonse. Mphere zimangofuna khungu kukhudzana ndi khungu nthawi yaitali, n'chifukwa chake zimakonda m'masukulu ogonera, m'ndende ndi m'nyumba zathu zimene ana anayi amafunda bulangeti limodzi mu Juni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaziika mu 2017 pa mndandanda wa matenda a m'mayiko otentha amene anthu amawanyalanyaza, ndipo kunyalanyazako ndikukudziwa bwino chifukwa ndinakuchita ndekha.

Chipere nachonso chimasokoneza, chifukwa ziwengo zikamaphwa pakati zimasiya mkombero ngati mphete. Apa chala chimathandiza. Mkombero wa chipere umakhakhala, uli ndi timamba toyera ngati gaga m'mphepete, ndipo umakula pang'onopang'ono kwa milungu. Wa ziwengo ndi wosalala ndipo mawa kulibe. Chipere chimayamba ndi nkhungu ya pakhungu, ndipo mankhwala ake ndi odzola monga clotrimazole kapena Whitfield, koma cha kumutu, chija chimathothola tsitsi la ana, chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa milungu ingapo. Chimene ndimapempha anzanga a pamsika ndi kusiya kudzola timachubu tija toyeretsa khungu pa chotupa chilichonse. Tambiri tili ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga betamethasone ndi clobetasol. Kuyabwa kumaleka masiku awiri, munthu n'kumati zagwira, pamene chipere chikufalikira mwakachetechete, mkombero wake utafufutika moti ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira.

Zolumidwa ndi tizilombo sizivuta kwenikweni ukadziwa poyang'ana. Nsikidzi, utitiri ndi udzudzu zimasiya kadontho pakati pa chotupa. Nsikidzi zimaluma mondondozana, katatu kapena kanayi pa mzere umodzi, pamalo amene anali pamtunda usiku. Zotupa zake zimakhala masiku, ndipo ana ena miyendo imachita mawanga akuda nyengo yonse ya dzinja chifukwa cha kukanda. Nsungu za thukuta mu Okutobala, pamene Chipata imatentha ngati chiwaya pakati pa mapiri akewa, ndi tating'ono ngati mchenga, m'khosi ndi pamsana, ndipo zimachepa munthu akazizidwa. Za chitedze munthu safunsa, amadziwa pamene anadutsa. Chodabwitsa chake n'chakuti ubweya wa chitedze uli ndi mankhwala akeake otchedwa mucunain, amene amayabwitsa osadzera mwa histamine, choncho Piriton, amene ntchito yake ndi kuletsa histamine, sathandiza kwenikweni. Chofunika ndi kuchotsa ubweyawo pakhungu ndi pa zovala, osafikisa.

Mwana akatentha thupi kwambiri, akukhosomola, maso atafiira, zidzolo zitayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsika, amenewo si masewera a bolopeni, chingakhale chikuku. Katsabola amadziwika ndi timatuza tamadzi. Mashingozi amagwira mbali imodzi ya thupi ngati lamba wodukira pakati, ndipo amapweteka ngati moto kuposa kuyabwa. Ambuya anga ankaopa kwambiri banga lotuwa limene siliyabwa konse. Ankalikhudza ndi nthenga ya nkhuku, munthu atatsinzina, kuti aone ngati akumva. Anakula m'masiku amene odwala khate ankapita ku chipatala cha Mwami, ndipo mayeso awowo achipatala amachitabe ndi kathonje. Khate lero limachizika ndi mapiritsi, koma banga losamva kukhudza ndi lofunika kulionetsa msanga.

Pali usiku wina umene sindinafune bolopeni kapena foni. Alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, dzino linkawapweteka, ndipo anagula mapiritsi a diclofenac pa kantemba. Pasanathe ola anabwera kwathu akudzikanda, ziwengo zili mbwee pa chifuwa. Ndinayamba kufunafuna cetirizine m'kabati, koma atanditchula kuti "alamu", ndinatembenuka. Mawu sanali awo. Anali osasa, ngati akulankhulira m'botolo. Mlomo wapamwamba unali utatupa ngati walumidwa ndi njuchi, zikope zikutsekeka. Amuna anga anathamangira kumsewu kukaimitsa takisi, ndipo ku Chipata Central Hospital anawabaya adrenaline pa ntchafu asanafunse zambiri. Patapita kanthawi mpweya unayamba kulowa bwino.

Madzi omwe aja amene amatukula khungu la pamwamba akachucha m'kati mwenimweni, milomo, zikope, manja kapena kumaliseche kumatupa, ndipo kutupa kumeneko kumatha kukhala mpaka masiku atatu. Kukakhala pa chikope chokha kumangoopsa maonekedwe. Koma lilime kapena kukhosi kukatupa, mawu akasintha, mpweya ukamalira m'chifuwa, munthu akamachita chizungulire kapena kusanza ziwengo zili m'thupi, piritsi silingafike msanga, ndipo chofunika ndi jakisoni wa adrenaline kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala amene amachita zimenezi kawirikawiri ndi omwe timagula ngati maswiti: aspirin, ibuprofen, diclofenac, ndiponso a gulu la penicillin monga amoxicillin. Alamu anga tsopano amayenda ndi kapepala m'chikwama kolembedwa dzina la mankhwalawo, ndipo dzino lija anakazula.

Zidzolo za mankhwala zilinso ndi mtundu wina woopsa umene anthu amauyesa ziwengo masiku oyamba. Munthu wayamba Septrin, nevirapine, Fansidar kapena mankhwala ena a khunyu, ndipo patatha sabata imodzi kapena zingapo thupi latentha, khungu likupweteka, m'kamwa ndi m'maso mwatuluka zilonda, khungu layamba matuza ndi kusupuka. Zimenezi sizisamuka, siziphwa, ndipo munthu amafunika kugonekedwa. Kuno ambiri amamwa Septrin tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake ndazitchula. Chimodzimodzinso chotupa chooneka ngati chiwengo koma chokhala pamalo amodzi kupitirira tsiku, chowotcha m'malo moyabwa, chosiya banga lakuda ngati pomenyedwa. Mzere wa bolopeni ukakhala kuti udakali ndi mwini wake mawa, chimenecho ndi chokaonetsa.

Mnzanga wina wa kwaya ziwengo zinamukhala pafupifupi chaka, kutuluka madzulo alionse. Zikapitirira milungu isanu ndi umodzi achipatala amaziona ngati zokhalitsa, ndipo nthawi zambiri sipapezeka chakudya kapena chinthu chakunja choyambitsa, ndi chitetezo cha thupi lomwelo chimene chimangodzidzimutsa alonda aja. Iye anasiya nyama, anasiya mafuta ophikira, anasintha sopo kanayi, anawonda mpaka ndinamubwezera madiresi awiri. Achibale anayamba kunong'ona za mkazi mnzake wa pamsika. Chimene chinamuthandiza ndi piritsi limodzi la ziwengo lomwa tsiku lililonse mosadumphitsa, monga anamuuzira a dokotala, osati kudikira kuti zituluke kaye. Ngakhale lero, ukamulemba pamkono ndi chikhadabo, pakapita mphindi zochepa mzerewo umatukuka n'kuwerengeka. Ana a Sande sukulu amamupempha kuti alembe mayina awo.

Apongozi anga sanakhulupirire msanga kuti inswa zawo zinalibe mlandu. Chaka chonse akabwera ankabweretsa mbatata, maungu, nthochi, koma inswa ayi. Disembala wotsatira ndinafunsa kaye ku kiliniki, ndipo atamva nkhani yonse ndi nthawi zake anati palibe chifukwa chomuletsera. Ndinawatumizira uthenga kumudzi kuti mdzukulu wawo akufunsa. Anafika ndi kachitini kokutira ndi nsalu, anakazinga okha ngati kale, koma iwo sanadye. Anakhala pa mpasa moyang'anizana ndi mwanayo, kumuwerengera nthongo iliyonse. Atamaliza anamuvula malaya, namuunika kumsana ndi tochi yanga. Anamuunikanso 8 koloko, anamuunikanso 10 koloko, iye ali mtulo. Pamene ndinkapita kukagona ndinawapeza akusinza pa mpando pafupi ndi bedi lake, bolopeni ya buluu ili m'manja, chotsekera chake atachotsa kale.